Mphindi Imodzi ya Chete

Amayi analimbikira kufunsa za mawu a achimwene maso awo atafa. Poyamba ankafunsa mwa apo ndi apo, koma chaka chathachi linasanduka funso la tsiku ndi tsiku. Ndikangolowa m'chipinda mwawo ndi beseni la madzi ofunda, asanayankhe n'komwe moni wanga, ankatembenuzira nkhope kukhomo.

"Iwe, matepi a mlongo wako aja sanabwerebe?"

"Akadali ku likulu, Amayi. Akusungidwa bwino."

"Akusungira ndani? Akudikira kuti makutu nawonso afe? Nkhope yake ndimaiona ngakhale mumdima muno. Koma mawu akundithawa. Ndikati ndiwakumbukire, ndikumva a bambo ako."

Ndinkawapukuta mapazi n'kusintha nkhani. Bodza limeneli ndinalinena zaka khumi ndi zinayi, ine amene ndimaima kutsogolo m'kwaya Lamulungu lililonse. Ku likulu kunalibe tepi ya achimwene ngakhale imodzi. Ndinawafufuta ndine, ndi manja angawa.

Kampani yathu ya wailesi anaiyambitsa ndi bambo wina wamalonda amene tinkamutchula kuti a Chipewa, chifukwa chipewa ankachivula polowa m'tchalitchi basi. Siteshoni yoyamba inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa malata ndi misomali. Makoma anawamata ndi mathireyi a mazira ndi mabulangete akale kuti phokoso la pansi lisalowe, komabe wina akagwetsa lata, omvera onse ankadziwa. Achimwene ndiwo anali muulutsi woyamba. Ankatsegula wailesi m'mawa uliwonse, ndipo anthu anawapatsa dzina loti Tambala. Ine ndinalowa patapita chaka, ndili mtsikana wongomaliza kumene sukulu, kudzasamala matepi.

Mulungu anadalitsa ntchitoyo. Amalonda anabwera ndi zotsatsa zawo: sopo, matayala a njinga, mankhwala a nkhuku, sukulu za utelala. Pa zaka zisanu ndi zitatu a Chipewa anatsegula siteshoni zina zitatu, ina m'tauni ya kumapiri, ina kuchigwa kumene kunali fakitale ya thonje, ina kumalire. Ankati ndi miyendo inayi ya tebulo limodzi. Yathu, yoyamba ija, inasamukira m'nyumba yakeyake, ndipo mawu athu ankapita ku mlongoti umene anauimika paphiri kunja kwa tauni, n'kumwazikira kumidzi kuchokera kumeneko.

A Chipewa anali ndi malamulo awiri. Loyamba linali lakuti pa wailesi chete ndi tchimo. "Tsokomola, yetsemula, imba, werenga ngakhale zolemba za pa botolo la mankhwala," ankatero, "koma usakhale chete. Womvera akamva chete amapotokola kabatani, ndipo sabwereranso." Lachiwiri linali lakuti tepi sikalamba ndi mawu akale. Mapulogalamu onse tinkawajambula kuti wamalonda akakayika, timumvetsere kuti zotsatsa zake zinaulutsidwadi. Koma matepi anali osowa, choncho Lachisanu lililonse masana ndinkatenga bokosi la matepi a mlungu wonse, n'kumawaika imodziimodzi pa makina a maginito. Makinawo ankalira ngati njuchi, ndipo tepi inkachoka pamenepo ilibe kanthu, yokonzeka kujambulidwanso Lolemba. Pofika chaka chimene achimwene anamwalira, ndinali nditachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Manja ankagwira okha, mutu uli ku nyimbo za kwaya.

Achimwene anamwalira Lachiwiri masana, galimoto ya kampani itagubuduzika pa msewu wopita ku siteshoni ya kumalire. Mlungu umenewo palibe anakhudza bokosi langa. Lachisanu la mlungu wotsatira ndinabwerera kuntchito, chifukwa kunyumba kunali misozi yokhayokha ndipo ndinkafuna kuti manja apeze chogwira. Bokosi linali pamalo pake. Ndinayatsa makina, ndikung'ung'udza nyimbo imene tinaimba kumanda. Nditatha ndinakhala pansi kuti ndimatule timapepala ta pamatepi, ndipo ndi pamene ndinaona zolemba za achimwene: "Lolemba m'mawa," "Lachiwiri m'mawa," ndi katambala kamene ankakonda kujambula pakona. Ndinathamangira ku makina omvetserera. M'tepimo munali mphepo yokha.

Anandipeza ndili chigonere pansi ndi a Waya, mmisiri wathu wa makina, bambo wamfupi woyenda ndi pensulo kukhutu. Anatola tepi, anaimvera, anaibwezera m'bokosi. "Madzi akatayika saoleka, achemwali," anatero. Sanauze munthu. Ndipo Amayi atafunsa koyamba, maliro atangotha, pakamwa panga panatuluka likulu.

Patapita zaka zisanu a Chipewa nawo anatsikira kuli chete, ndipo ana awo anagulitsa kampani kwa eni ena akuluakulu a mumzinda. Apo ndi pamene miyendo ya tebulo inayamba kuzulidwa. Ya kumalire ndiyo inayamba kutsekedwa. Ya kuchigwa inatsatira fakitale ya thonje itagwa. Ya kumapiri anaisandutsa mosungiramo katundu. Tinatsala ife, tebulo la mwendo umodzi. Matepi onse anawataya, m'malo mwake munabwera kompyuta. Mapulogalamu ankachokera ku likulu lenileni tsopano, ndipo ife tinkangowadutsitsa. Ine anandisiyira pulogalamu ya nyimbo zauzimu, koma nayonso ndinkaijambuliratu mu kompyuta. Kwa zaka zitatu palibe wa ife analankhulapo pa maikolofoni omvera akumva nthawi yomweyo.

Eni atsopanowo anatitumizira woyang'anira wovala bwino, waulemu ndithu, amene tinkamutchula kuti Bwana Tiona. Ukapempha tchuthi, "Tiona." Ukati denga likudontha, "Tiona." A Waya ankati tsiku lachiweruzo mngelo akadzaitana dzina lake, bwanayo adzayankha kuti tiona.

Iyeyo ndiye anatiwerengera kalata yomaliza. Loweruka lotsiriza la mweziwo, nthawi ya 12 koloko masana, siteshoni yathu idzatha. Mlongoti wa paphiri unali utagulitsidwa kale kwa ogula zitsulo. Ine, poti ndinali wakale kuposa onse, anandipatsa mphindi khumi ndi zisanu zomaliza kuti nditsazike omvera ndi pakamwa panga, ndikuwerenga zimene iye analemba. Anandiuzanso kuti ku likulu andisungira malo. Ndinathokoza Mulungu, chifukwa Amayi ndi alamu anga, mkazi wa achimwene amene ankawasamala masana, onse ankayang'ana kwa ine.

Lachinayi la mlungu womalizawo a Waya anandipeza ndikulongedza mabuku a nyimbo m'katoni. Anatseka chitseko.

"Achemwali, khalani pansi. Ndakalamba ine, mutu wasanduka sefa. Pali chinthu ndinachiiwala."

"Mwaiwalanso magalasi? Ali pamphumi panupo."

"Si magalasi. Dzulo ndinakwera kuphiri ndi ogula zitsulo aja kukawaonetsa katundu. M'kanyumba ka pansi pa mlongoti muli kamakina kakale kamene ndinakalumikiza ndekha nthawi ya a Chipewa. Ntchito yake ndi kumvetsera basi. Kukakhala chete kuchokera kuno kwa mphindi imodzi yathunthu, iko kamayatsa tepi yake yopepesa omvera. Nyali yake ikuyakabe. Palibe anakachotsa chifukwa palibe ankadziwa kuti n'kachiyani."

"Ndiye?"

"Ndiye pa tepipo pali kapepala. Pakona pali katambala."

Ndinagwira katoni.

"Zaka zonsezi, a Waya? Bwanji sitinaimvepo?"

"Mukanaimva bwanji? Inu ana a Chipewa munakhalapo chete liti? Ngakhale magetsi akazima munkakuwa mumdima mpaka jenereta idzuke."

"Tiyeni tikaitenge lero lomwe."

Anapukusa mutu. Ogula zitsulo anali atasintha loko, ndipo kiyi anapita naye. Komanso tepiyo inali itakakamira m'kati chifukwa cha kutentha kwa malata, moti kuikoka kunali kuidula. "Njira ndi imodzi," anatero. "Iyenera kulira yokha. Ndipo siilira pokhapokha wina akhale chete."

Ndinapita kwa Bwana Tiona. Ndinawafotokozera zonse kupatula za bokosi la Lachisanu lija. Anandimvetsera mwachifundo, zala zili pa foni.

"Za kiyi, tiona," anatero. "Koma za chetezo ayi, Mayi. Loweruka kubwera akuluakulu a ku likulu ndi amalonda athu aakulu. Adzakhala muofesi muno akumvera. Mphindi yathunthu ya chete? Adzati chiyani za ine? Ndipo inu mukufuna kukayamba ntchito kwa anthu omwewo."

"Ndi mphindi imodzi yokha, bwana. Mayi anga ndi akhungu."

"Ndamva. Pepani kwambiri. Mungowerenga zimene ndalembazo."

Lachisanu madzulo ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Alamu anali pakhonde akusita. Ndinawauza kuti mawa, wailesi ikakhala chete, asaitseke ndipo asaigwedeze, angodikira, foni ili pafupi kuti ajambule. Anaimika simbi.

"Alamu, ntchito ya ku likulu ija?"

"Amene amadyetsa mbalame sanatiiwale."

"Mbalame sizigula mankhwala a Amayi," anatero, koma misozi inali italengeza kale m'maso.

Ndikanakhala wanzeru ndikanasiyira pomwepo. Koma mtima unali utasefukira, ndipo ndinalowa m'chipinda n'kugwada pambali pa bedi.

"Amayi, mawa masana mumva achimwene pa wailesi."

Anafufuza nkhope yanga ndi zala. "Matepi abwera?"

"Imodzi yapezeka."

"Ukanditulutsire diresi langa la kutchalitchi," anatero. "Sindingamumvere nditavala zogonera."

Loweruka linacha ndi mitambo. Alendo anafika ndi galimoto ziwiri, nalowa muofesi ya bwana mmene munali wailesi ndi zakumwa. Ine ndinalowa mu situdiyo ndekha. Pakhoma panali padakali wotchi ya a Chipewa, ya muvi wofiira wowerenga masekondi. Kudzera pa galasi lalikulu ndinaona a Waya akubwera ndi bokosi lawo la zipangizo. Anagwada pa chitseko cha situdiyo n'kuyamba kumasula loko, pang'onopang'ono, ngati munthu amene tsiku lonse ndi lake.

Nyali yofiira inayaka. Ndinawerenga pepala la bwana: kuthokoza omvera, kuthokoza amalonda, tsogolo lowala. Kenaka ndinawonjeza zanga. Ndinatchula chipinda cha pamwamba pa sitolo ya malata. Ndinatchula siteshoni ya kumapiri, ya kuchigwa ndi ya kumalire, monga mmene munthu amatchulira abale amene anatsogola. Zitatsala mphindi zisanu, ndinaika pepala pansi, ndinatsitsa mabatani onse, ndipo ndinatseka pakamwa.

Sindinkadziwa kuti mphindi ndi yaitali chotero. Muvi usanafike pa masekondi khumi, dzanja langa lamanja linali litanyamuka kale lokha kupita pa batani la nyimbo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zinali m'dzanja limenelo, dzanja lomwe lija limene linagwira ntchito yake mokhulupirika Lachisanu lija osandifunsa. Ndinalibweza, ndipo manja onse awiri ndinawakhalira.

Masekondi makumi awiri. Chitseko cha ofesi chinatseguka. Bwana Tiona anabwera akuyenda mofulumira, kenaka akuthamanga. Anagogoda pagalasi, akundilozera maikolofoni.

Makumi atatu. Anafika pachitseko.

"Tsegulani apa!"

"Loko wavuta, bwana," ndinamva a Waya akuyankha. "Ndikukonza."

"Atseguka liti?"

"Tiona."

Makumi anayi. Malembo amati kukhala chete nakonso kuli ndi nyengo yake, koma a Chipewa anali kukuwa m'mutu mwanga kuti tsokomola, imba, nena kanthu. Ndinaganiza za anthu m'misika ndi m'magalaja akugwedeza mawailesi awo. Ndinaganiza za Amayi atakhala tsonga mu diresi la kutchalitchi. Ndinapemphera mopanda mawu: Ambuye, ndinafufuta ndine, koma Inu simufufuta kanthu.

Makumi asanu ndi limodzi. Muvi unadutsa. Sekondi ina, inanso. M'mahedifoni munali mphepo yokha, yonga ya tsiku lija.

Kenaka kunamveka kuti thee, ndipo mawu anabwera.

Anabwera mokoka, otsika kwambiri, ngati munthu wolankhulira m'mgolo. Kutentha kwa zaka zonsezo kunali kutaitamula tepi. "Omvera... athu... okondedwa... pepani... makina... atichita... chipongwe." Achimwene ankalankhula mwachangu, mawu akuthwanima ngati ndalama yatsopano. Awa anali mawu olemera, otopa, ngati a nkhalamba yodwala. Koma asananene "pepani" panali kakuseka kakang'ono ka m'mphuno, ndipo kameneko ndinakadziwa. Ndinaluma mlomo kuti ndisalire mokweza.

"Uyu... ndi... Tamba..."

Tepi inaduka. Posakhalitsa a ku likulu anazindikira, nalowetsa malonda a sopo wochapira. Siteshoni ya a Chipewa inathera pamenepo, nthawi yake isanakwane.

A Waya anabwezera loko. Bwana analowa, nkhope ili gwaa.

"Za ku likulu muiwale, Mayi," anatero. Aka kanali koyamba kundiyankha mosazungulira.

Ndinanyamula katoni yanga ya mabuku a nyimbo. A Waya anandiperekeza mpaka pamsewu. "Inaliratu, achemwali," ankangobwereza, "kamakina kanga kanagwira ntchito." Sindinadikire minibasi. Ndinayenda wapansi, mwina ndinathamanga.

Ndinapeza Amayi atakhala pampando, diresi losita bwino, nsapato kumapazi, wailesi pamiyendo. Alamu anali pansi pafupi nawo, foni m'manja, maso ofiira.

"Ndiwe?" Amayi anafunsa. "Unati ndimva mlongo wako. Ine ndadikira, ndadikira, kenaka kwabwera chidakwa china chikukoka mawu."

"Ndi iwo, Amayi," alamu anatero. "Ndawaseweretsa katatu pafoni. Mvetserani kakuseka kaja."

Anawaseweretsanso. Mawu olemera aja anadzaza chipinda. Amayi anapendeketsa mutu, anamvetsera mpaka podukira paja.

"Inu apongozi, ndinamubereka ndine. Mwana wanga sankalankhula ngati ng'ombe yotopa. Si ameneyo." Anatembenukira kwa ine. "Akunamiza, mwanawe. Akupatsa tepi ya munthu wina. Upite wekha ku likuluko ukatenge enieni aja. Poti ukukayamba ntchito komweko, sakakukaniza."

Ndinakumbukira wophunzira wa Ambuye uja amene kulira kwa tambala kunamukumbutsa bodza lake. Iye anatuluka panja kukalira. Ine ndinalibe kotulukira. Ndinagwada, ndinagwira dzanja lawo.

"Amayi, ku likulu kulibe matepi. Sikunakhaleko matepi. Ndinawafufuta ine, mlungu wotsatira maliro. Sindinachite dala. Linali Lachisanu, ndipo manja anangochita zimene anazolowera. Imene mwamvayi ndi yokhayo inatsala, ndipo yaduka. Ntchito ya ku likulu nayonso palibe."

Amayi anakhala chete. Chete ameneyo anapitirira mphindi imodzi, ndipo panalibe kamakina paphiri koti kandipulumutse. Pang'onopang'ono anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero.

"Inde, Amayi."

"Kufufutako sindikukuimba mlandu. Chisoni chimapusitsa. Koma ukanandiuza nthawi yomweyo, mawu ake anali akadali m'mutu mwangamu, onse, ndi kuseka komwe. Bwenzi nditawagwira molimba. Bwenzi ndikuwabwereza m'mawa ndi madzulo ngati pemphero. Koma iwe unati ali ku likulu, akusungidwa bwino. Ndiye ine ndinawalekerera."

Palibe nyimbo ya m'mabuku anga imene inandibwerera.

"Apongozi, ndivuleni diresili," anatero. "Ndipo wailesiyi muichotse muno."

Lamulungu sindinapite kukwaya. Lolemba m'mawa ndinalowa ndi beseni monga mwa masiku onse. Ndinapereka moni, anayankha. Sanatembenuzire nkhope kukhomo, ndipo funso lija silinabwere. Ndinawasambitsa mapazi, ndinawapukuta, ndinawadzoza mafuta. Patebulo pamene pankakhala wailesi panali bwalo loyera pakati pa fumbi.

Nditanyamula beseni kuti ndizituluka, analankhula akuyang'ana kukhoma.

"Iwe unkamumva tsiku ndi tsiku kuntchito kwanuko. Potsegula ankati chiyani?"

Ndinaika beseni pansi.

"Ankati: Dzukani, dzukani, abale anga! Amene watidzutsa sanagone. Uyu ndi Tambala wanu."

"Ayi. Ukunena ngati ukuwerenga kalata ya maliro. Iye ankathamanga, ndipo kumapetoko ankakweza."

Ndinayesanso, mwachangu, ndikukweza kumapeto.

Anakhala kanthawi, milomo ikuyenda yokha, akufunafuna m'kati mwawo chinthu choti ayerekeze nacho. Ndinaona pankhope pawo kuti sanachipeze.

"Sindikudziwa ngati ndi choncho," anatero. "Bwereza."